Makilo Amene Ndinalibe

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndapempha kope ndi cholembera kuti ndisapenge ndi kuwerenga ming'alu ya kudenga. Anandigoneka muno Lamulungu, koma za tsikulo ndikungomva kwa anthu. Akuti ndinafika ndikunjenjemera, ndikubwebweta za kuntchito, ndikuyankha mafoni osaoneka. Mafunso onse a polembetsa anayankha ndi bambo a kunyumba.

Matenda apezeka awiri. Shuga, amene wakhala akundidya mwakachetechete kwa miyezi, ndi tizilombo mu impso ya kumanja, tomwe tafika kale m'magazi. Mapiritsi onse ndinamwa mwezi watha aja tizilomboti timangowaseka. Ndiye dzulo andiyamba mankhwala amphamvu, amikasini, odzera m'diripi kamodzi pa tsiku, m'mawa. Insulini kawiri.

Bedi langa lili pakona. Kumanzere kuli khoma. Kumanja kuli mayi wonenepa bwino, woluka tsitsi, ali ndi chilonda cha pamwendo chosapola. Pakamwa pawo sipapuma. Wodi yonse imawatcha a Wailesi, ndipo iwo amavomera.

Lachitatu, 5 Malichi

Thupi latentha 39. Shuga 17 m'mawa, 13 madzulo. Mkono wa kanula, kapaipi kolowetsera diripi, watupa, aisamutsira kumanzere.

Dokotala wa wodi yathu ndi wamtali, wachinyamata, maso ofiira ndi tulo. Ukamufunsa kanthu amayankha ali kale pa bedi lotsatira: "Ndibweranso, mayi." A Wailesi akuti chilowereni muno sanamuonepo akubweranso, ndiye dzina lake ndi lomwelo, a Ndibweranso.

Bambo a kunyumba abwera ndi malalanje, chonsecho anauzidwa kuti zotsekemera ndichepetse. Awiri adya okha, otsalawo apatsa a Wailesi. Ponyamuka anditembenukira n'kuti, "Fundani bwino, mapewa akuoneka." Ndimayesa akudandaula za kuzizira.

Lachinayi, 6 Malichi

Lero linali tsiku la dokotala wamkulu, mayi wa imvi zake, amene amayendera wodi kamodzi pa sabata, gulu la ophunzira lili pambuyo. Anaima pa bedi langa n'kundisandutsa bolodi.

"Mankhwala awa sitipereka mongoganizira," anatero. "Timatsata kulemera kwa wodwala. Mamiligalamu 15 pa kilo iliyonse. Mayi awa alembedwa makilo 82. Ndiye alandire angati?"

Mtsikana wina anadina pafoni yake. "1,230."

"N'chifukwa chake tikuwapatsa 1,200. Mukachepetsa, tizilombo sitifa. Mukapyoletsa muyezo, mumawaonongera impso ndi makutu. Impso nthawi zina zimadzuka. Makutu akapita, apita."

Ndinaseka, onse n'kundiyang'ana ngati layankhula ndi bedi. Makilo 82 ndi ine wa zaka ziwiri zapitazo, uja ndinkadzaza ndekha mpando wa m'basi. Ine wa lero masiketi ndimamanga ndi mapini.

"Adokotala," ndinatero, "wa 82 ameneyo ndani? Si ine."

Anavundukula bulangete, nagwira mkono wanga pamwamba pa chigongono. Zala zawo zinatsala pang'ono kukumana. "Sisita, mayi awa ayezedwenso lero," anatero, gulu lonse n'kupita pa bedi la a Wailesi.

Mawu aja a makutu andikhala pamtima. Chiyambireni ntchito ndakhala pa desiki ya mafoni, pa kampani ya magalimoto onyamula katundu, zomvera zili kumutu tsiku lonse. Dalaivala akangoti halo ndimadziwa kuti ndi ndani, ndipo ndimadziwanso ngati wamwa. Ena amalima ndi khasu. Ine khasu langa ndi khutu, ndipo mwana wathu wamkazi ali ku koleji chifukwa cha makutu awiriwa.

Dzuwa lalowa, sanandiyeze.

Lachisanu, 7 Malichi

1,200. Ndawerenga ndekha pa kapepala ka pa diripi.

Ndafunsa sisita za sikelo. Akuti inabwerekedwa ku wodi ya amayi oyembekezera, nyumba ina kuseri kwa khitchini, chifukwa yawo inafa. Inapita mwezi watha. "Ikabwera muyambira ndinu."

"Nanga Lamulungu munandiyezera chiyani?"

"Simunkatha kuima, mayi. Zikatero timafunsa wachibale. Ananena ndi abambo."

Masana bambo atabwera ndinawasiya akhale kaye, atsegule fulasiki, atulutse mpunga ndi nyemba.

"Bambo, ndinu munawauza kuti ndine 82?"

"Nanga si ndi momwe mumalemera?"

"Liti? Tandiyang'anani."

Sanandiyang'ane. Anayang'ana supuni. "Pamzere paja panali anthu, amayi. Ena ondidziwa. Namwino akufunsa mokuwa, aliyense watchera khutu. Mumafuna ndinene kuti mkazi wanga watha thupi? Anthu aziti akudwala chiyani? Aziti ine ndikumusunga bwanji?"

Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Thupi langa lija linali ulemu wawo. Pagulu ankakonda kunena kuti, "Mukafuna kudziwa ngati mwamuna amagwira ntchito, onani mkazi wake." Nditayamba kuonda, kukabwera alendo ankandiuza ndivale juzi ziwiri. Anzawo ankawauza kuti ndikuchepetsa thupi dala, za masiku ano. Amati manyazi anapha lambe. Kwathu manyazi ndi awo, lambe ndine.

Ndawafotokozera za mamiligalamu ndi makutu. Ayankha kuti madokotala anaphunzira, ndisawaphunzitse ntchito.

Loweruka, 8 Malichi

1,200. Thupi 38.4. Shuga 12.

Loweruka wodi imakhala ngati yamasiye. Namwino mmodzi, wokolopa mmodzi, tiyi wozizira.

Ndinagona ndikuganiza, n'kupeza nzeru. Bambo a kunyumba ali ndi shopu ya zipangizo zomangira. Tsiku lonse amayeza misomali, waya ndi laimu, ndipo kasitomala sangawadyere ngakhale msomali umodzi. Sikelo yoponda ili pompo pakhomo pa shopu, ndipo imalowa m'galimoto bwinobwino. Ndawapempha abwere nayo.

"Mkazi wanga akwere pa sikelo ya misomali, wodi yonse ikuonerera? Mwasanduka thumba la simenti?"

"Thumba la simenti mumaliyeza musanatchule nambala."

A Wailesi anaseka mpaka bedi kugwedezeka. "Bweretsani, bambo, nane ndikwerepo! Ikathyoka tidzati yafera pantchito. Kapena anzangawa ndingowagawira makilo anga, ndili nawo ongokhala."

Bambo sanaseke. Anati wodi ino yadzaza ndi amwano, nalongedza mbale ndisanamalize kudya.

Lamulungu, 9 Malichi

Bambo abwera ndi mlamu wanga, mlongo wawo wamkulu, uja saonetsa mano pokhapokha akamatafuna. Wabweretsa nkhuku yokazinga ndi maso oyeza. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuusa moyo kuti aliyense amve.

Mwamwayi a Ndibweranso anadutsa, ndipo ndinawakoka malaya. "Adokotala, amene anatchula 82 uja ndi awa. Afunseninso."

Dokotala anaima. "Bambo, nambala ija munaitenga pa sikelo?"

Bambo anayang'ana mlongo wawo. Mlongo wawo anayang'ana iwo. Ndinaona nkhope yawo ikuuma ngati ya munthu amene akutsutsana mtengo.

"Mkazi wanga ndimamudziwa," anatero. "Ngati watsika ndiye pang'ono. Mwina 80."

Mwina 80! Andichotsera makilo awiri, ngati kasitomala wodandaula. Dokotala anati 80 ndi 82 sizisiyana kwenikweni pa muyezo, nati abweranso. Mlamu anandiuza kuti ndisamatsutse amuna anga pagulu. Nkhuku yake sindinaikhudze, adya a Wailesi, ndipo akuti inali yopanda mchere.

Ndakwiya kwambiri. Zilembo zikuchita kuonetsa.

Lolemba, 10 Malichi

1,200. Thupi 37.8. Shuga 10. Akuti ndikupeza bwino, ndipo n'zoona, msana wasiya kubaya.

Koma m'khutu la kumanja mwalowa nyenje. Ikulira osapuma, ndikameza malovu sisiya, ndikatseka khutu ndi chala ndiye imakuwa kwambiri.

Ndawauza a Ndibweranso. "Kutentha thupi kumatero, mayi. Titenga magazi tione impso." Atengadi. Ndawakumbutsanso kuti dokotala wamkulu analamula kuti ndiyezedwe. Atsegula fayilo, apeza lamulolo lalembedwa bwinobwino, n'kulemba lawo pansi pake: ayezedwe. Pano malamulo alipo awiri, sikelo palibe.

Lachiwiri, 11 Malichi

Lero ndakana mankhwala. Ndinapinda mkono n'kuubisa kukhwapa ngati mwana.

"Mayi, musandivutitse," anatero sisita. "Wodi yonseyi ikuyang'ana ine, manja ndili nawo awiri."

"Ndiye chepetsani. Lembani 60."

"Ndilembe 60 ndaitenga kuti? Nambala ya pakamwa pa wodwala sitigwiritsa ntchito. Aliyense akamatchula yake tithera kuti?"

"Nanga ya pakamwa pa mwamuna wake?"

Ndinaona kuti zawalowa. Koma 82 inalembedwa kale ndi inki, yakopedwa papepala lililonse, yakhala ngati ndinabadwa nayo. Analemba kuti wodwala wakana mankhwala, n'kutuluka.

A Ndibweranso lero anabweransodi, a Wailesi mpaka kuomba m'manja. Anakhala m'mphepete mwa bedi. Si munthu woipa, ndi wotopa. "Ndikuona kuti mwaonda, mayi, koma maso si sikelo. Ndikachepetsa mongoganiza n'kupezeka kuti ndachepetsa kwambiri, tizilombo tibwerera tili tolusa, ndipo mankhwala ena amene angatigonjetse sapezeka msanga. Mukadumpha tsiku ndiye mukusewera ndi moyo."

"Ndiyezeni basi. Sindikupempha ndege."

"Mawa ndithu."

Kenako anaimbira bambo a kunyumba. Anafika fumbi la simenti lili m'tsitsi. Sanafunse za khutu. Anawerama n'kunong'ona, "Mwayamba kundichititsa manyazi ndi kuchipatala komwe?"

Ndinatambasula mkono. Osati chifukwa cha iwo. Ndinaopa kufa, ndisaname. 1,200, masana.

Lachitatu, 12 Malichi

1,200. Nyenje zafika ndi kumanzere. Popita kubafa pansi pakupendekeka, ndikuyenda chogwira khoma. Mkodzo wachepa. Magazi a Lolemba akuti anasokonekera ku labu, atenganso ena.

Sikelo kulibe. A Wailesi mabatire ayamba kutha, lero ndapumako.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndinadzuka ndikudikira dokotala wamkulu ngati mvula. Sanabwere. Akuti ali ku msonkhano mpaka sabata ya mawa. 1,200.

Mwana wanga anaimba kuchokera ku koleji. Ndinaika foni kumanja monga mwa nthawi zonse, n'kumva timawu takutali ngati akuyankhulira m'chitsime. Ndinamukalipira kuti apite pomwe pali netiweki. Kenako ndinasamutsira foni kumanzere. "Amayi, ndikukuwatu kuno," anatero. Ndinamuuza kuti ndili bwino, awerenge, n'kudula.

Ndinatembenukira kwa a Wailesi. "Anzanga, kodi masiku ano mwachepetsa mawu?"

"Ine? Chibadwire!" Anachita kukuwa, mitsempha ya pakhosi kuonekera. "Sisita wandikalipira kawiri lero kuti ndikusokosa!"

Tinayang'anana. Ndinachita mantha, mantha enieni.

A Wailesi ndi mwendo wawo wowolawo anatsimphina mpaka pakhonde, nabwera akukankha njinga ya odwala. Koma wodwala satuluka muno popanda wachibale kapena wokankha wa chipatala, ndipo wokankhayo anali ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Tinadikira nthawi ya alendo.

"Bambo, njinga nayi. Ndikankheni mpaka ku wodi ya oyembekezera. Ndi kuseri kwa khitchini pompa."

Anasuzumira pawindo. Kanjira konse kanali kodzaza ndi anthu onyamula mafulasiki ndi mabasiketi. "Nthawi ino kwachuluka anthu. Ndibwera mawa m'mamawa, kusanadzaze."

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Atangopita ndinakwera njinga ija n'kuyamba kupalasa ndekha ndi manja. Ndinafika pa chitseko cha wodi, dziko n'kuzungulira, ndinasanza pamiyendo panga. Anandibweza pabedi ngati katundu wosokera.

Lachisanu, 14 Malichi

M'mamawa uja bambo sanabwere. Anatumiza uthenga kuti kwafika lole ya simenti. 1,200 inalowa pa nthawi yake, iyo sichedwa.

Chakumasana anandikankhira ku sikani, kuti akaone ngati mu impso muli mafinya. Kumeneko asanakulowetse m'makina amakubaya mankhwala oonetsa za m'kati, ndipo nawonso amatsata kulemera. Pakona panali sikelo. Yoyera, yamoyo, yongokhala. Namwino wa kumeneko sanafunse mwamuna wa munthu aliyense. Anangondigwira m'khwapa n'kundiimika.

54.

Anayang'ana sikelo, nayang'ana fayilo. Ananditsitsa, nandikwezanso. 54. Anatenga foni ya pakhoma. Zomwe ankanena sindinamve, ndinangoona dzanja lake likumenya fayilo.

Masamu ndachita ndekha, ndinamva bwino phunziro lija makutu ndikadali nawo. 54 kuchulukitsa ndi 15 ndi 810. Ine ndakhala ndikulandira 1,200. Tsiku lililonse amathira m'mitsempha yanga mankhwala a mkazi mmodzi ndi theka, ndipo theka linalo kulibe. Makilo 28 amene ndinalibe amwa mankhwala, koma makutu olipira ndi anga.

Magazi a Lachitatu atuluka lero lomwe. Impso zatopa, sizimatulutsa mankhwala, ndiye amangounjikana m'thupi. Amikasini ayimitsa. Sikani ija ailepheretsa kuti asaonjezere mavuto pa impso. Andiika madzi a diripi. A Ndibweranso abwera katatu osaitanidwa.

Bambo anafika madzulo. Ndinalemba 54 padzanja langa n'kuwaonetsa. Anati sikelo zina zimanama.

Loweruka, 15 Malichi

Sikelo ya wodi yabwera.

Inalowa m'mawa, atainyamula anthu awiri ngati mkwatibwi. Akuti panangofunika munthu woti akaitenge. Wodi yonse yafola, aliyense wayezedwa, ngakhale amene akutuluka lero. A Wailesi 109. Anatsika n'kuiweramira, akuti akuipepesa. Azimayi onse anaseka, ndinaona mano awo ndi mapewa akugwedezeka. Kusekako kunandifika ngati madzi akuthiridwa m'chipinda china.

Ine sanandiitane. Akuti nambala yanga ilipo kale.

Lamulungu, 16 Malichi

Ndilibe mphamvu. Mankhwala atsopano afika, akuti awa sakhudza makutu. Kodi analipo nthawi yonseyi?

Lolemba, 17 Malichi

Thupi 36.9. Shuga 8. Mkodzo wayamba kubwerera.

Dokotala wamkulu abwera lero, si tsiku lawo, opanda ophunzira. Anakhala mbali ya kukhoma, nayankhula pang'onopang'ono akundiyang'ana kumaso. Zina ndinamva, zina analemba m'kope muno, ndiye ndili nazo. Apepesa. Akuti analamula kuti ndiyezedwe, koma sanabwerere kudzaona ngati zachitika. Akuti ngakhale pa muyezo woyenera mankhwalawa ena amawaononga makutu, koma muyezo wopyola pa impso zotopa uli ngati kuthira mafuta pamoto. Akuti kumva kukhoza kutsikabe kwa masabata angapo ngakhale aleka, chifukwa mankhwalawa amachedwa kuchoka m'khutu.

Ndinafunsa ngati kudzabwerere. Anagwedeza mutu mbali ndi mbali. Pamenepo sipanafunike makutu.

Ndakhala ndikufuna munthu mmodzi woti ndimuloze chala. Dokotala wamkulu analamula. A Ndibweranso analemba. Sisita anatsata zolembedwa. Bambo a kunyumba anangoyankha funso. Aliyense anagwira ntchito yake, ndipo m'wodi yonseyi amene walembedwa kuti anavuta ndi ine, wodwala amene anakana mankhwala. Ndi zimenezo zikundiwawa kuposa nyenje za m'makutuzi.

A Wailesi andiuza kuti madzi akatayika sawoleka. Ndawayankha kuti ndikudziwa, koma amene anagwetsa ndowa asamayende ngati kunagwa mvula.

Lachitatu, 19 Malichi

Akandiyeza makutu. Kachipinda kakang'ono kotsekeka, mpando umodzi, ndi zomvera za kumutu zofanana ndendende ndi zanga za kuntchito. Nditazivala manja anayamba okha kufunafuna mabatani a desiki yanga. Anandipatsa kabatani kamodzi, ati ndizidina ndikamva kulira.

Kumanzere ndinadina kangapo. Kumanja ndinakhala, ndinakhala, ndikuganiza kuti sanayambe. Nditayang'ana pagalasi ndinaona woyezayo akulemba, atamaliza kale.

Zotsatira: khutu la kumanja lapita. La kumanzere latsala ndi mawu aakulu ndi okhuthala, koma mawu opyapyala, amene amasiyanitsa liwu ndi linzake, kulibe. Munthu akayankhula ndimamva kuti akuyankhula, osadziwa kuti akuti chiyani, pokhapokha akweze ndipo ndimuone pakamwa. Kachipangizo ka m'khutu kangathandizeko kumanzere. Ndinafunsa za ntchito ya mafoni. Woyezayo anayamba kusanja mapepala.

Sindinalire kumeneko. Ndalirira muno, nditayang'ana kukhoma.

Lachinayi, 20 Malichi

Bwana wa kuntchito watumiza uthenga. Akuti ndichire kaye, za desiki tidzakambirana. Ndakhala ndikumva mawu amenewo akuuzidwa anthu ena, ndikudziwa mathero ake.

Mwana wanga tikungolemberana. Akufuna kusiya sukulu abwere. Ndamuletsa. Ndamupempha kuti asatumize mauthenga a mawu, ndanama kuti muno amaletsa phokoso.

Bambo tsopano akubwera ndi chakudya ngati akudyetsa gulu la amisiri. Nkhuku, chiwindi, mazira, mkaka. Akufuna makilo aja abwerere msanga, mwina kuti bodza lawo lisanduke zoona. Lero anabwera ndi anzawo awiri a pamsika, anandifunditsa mpaka m'khosi, nacheza nawo pamwamba panga. Atapita, a Wailesi anatenga cholembera changa n'kundilembera zomwe zanenedwa. Akuti anawauza kuti kutentha thupi ndi kumene kwanditseka makutu, ndipo atseguka posachedwa.

Chinanso ndaona. Kuti ndimve amayenera kukweza mawu, ndipo kukweza mawu m'wodi kumawachititsa manyazi. Ndiye angosiya kundiyankhula. Amaloza mbale, ine n'kudya.

Lachisanu, 21 Malichi

Thupi 36.7. Shuga 7. Magazi ayera, tizilombo tatha. Impso zikudzuka, monga ananenera. Mawa ndituluka.

Sisita andiyeza okha, pa sikelo ya muno. 55. Analemba, nandionetsa, nawerengera insulini wanga pa nambala imeneyo ine ndikuona. Pakhomo pa wodi pamatidwa chipepala chatsopano: wodwala aliyense ayezedwe pa sikelo, wosatha kuima ayezedwe atanyamulidwa. Ndi lamulo labwino. Lagulidwa ndi makutu anga, ndipo dzina langa palibepo.

Loweruka, 22 Malichi

Ndikulemba ndili kunyumba, koma ndi za m'wodi, ndiye zilowe momwemu.

Bambo anabwera m'mawa ndi chikwama. Analongedza mbale, fulasiki, sopo, mapepala a mankhwala. Atamaliza sananyamuke. Anakhala pampando pakati pa bedi langa ndi la a Wailesi, mbali ya khutu lakufa, naweramitsa mutu. Ndinaona milomo yawo ikuyenda. Inayenda nthawi yaitali, manja akupotokola lamba wa chikwama. Chikwatiraneni nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo.

Ndinayang'ana a Wailesi. Anali atasiya kutafuna, buledi ali m'manja, maso atadzaza misozi. Apo ndinadziwa kuti mawu amene akunenedwawo ndi aja ndakhala ndikuwadikira.

Ndinatembenuza mutu wonse, kuwapatsa khutu la kumanzere. Kunangobwera kung'ung'udza.

"Sindikumva, bambo. Kwezani mawu."

Anabwereza. Mwina anakweza pang'ono, kaya. Nyenje zinawaposa.

"Kwezani ndithu. Ndikufuna ndimve."

Ndinkafunadi. Mkwiyo wonse uja unali utakhala pansi, ukudikira. Anadzutsa mutu, nayang'ana uku ndi uku. Azimayi a m'mabedi onse anali atatembenukira kwa ife. Wokolopa anali ataimika mopu. Sisita anali pakhomo ndi thireyi. Bambo anatsegula pakamwa, nakoka mpweya, ndinaona chifuwa chikukwera. Kenako anatseka.

Anaimirira, nanyamula chikwama, nanena mokweza bwino, moti ndinamva liwu lililonse: "Tiyeni, amayi, galimoto ikudikira."

A Wailesi anandikoka dzanja, natola cholembera kuti andilembere zomwe zinanenedwa zija. Ndinawalanda. Za ine zinanenedwapo kale kudzera pakamwa pa munthu wina, ndipo ndaona mathero ake. Ngati mawuwo ali nawodi, adzawanene okha, mokuwa. Tinakumbatirana, iwo akuyankhula zambirimbiri m'khosi mwanga, ndikungomva kunjenjemera kwake.

Ndinayenda chogwira khoma mpaka pakhomo lalikulu. Kanjira kaja kanali katayamba kudzaza ndi anthu a mafulasiki. Bambo anaima, naika chikwama pansi, navula jekete lawo n'kundifunditsa pamapewa, nakoka kolala kuti itseke bwino m'khosi.

Kunja dzuwa linali likuswa mtengo.